Momwe Sukulu Idalowera Pakhomo: Mbiri ya Tsiku la Mwana M'banja la ku Malawi

Mawu oyamba

Mbiri ya maphunziro m'Malawi kawirikawiri imalembedwa ndi munthu amene waima pakhonde la ofesi ya mishoni kapena ya boma. Timawerenga za chaka chomwe sukulu yakutiyakuti idatsegulidwa, za malamulo omwe adakhazikitsidwa ndi za chiwerengero cha ana omwe adalembetsa. Komatu mwana amene mbiriyo ikukamba amakhala m'kalasi maola owerengeka chabe. Nthawi yotsalayo ali pakhomo, pomwe amadzuka, kusesa, kudya, kutumidwa, kudzudzulidwa ndi kugona. M'nkhani ino ndikufuna kuiona mbiri yomweyo nditaima pabwalo la nyumba. Funso langa ndi lakuti: kodi sukulu itafika m'midzi mwathu, idasintha chiyani pa tsiku la banja? Ndiyankha poona zinthu zinayi, zomwe ndi kagawidwe ka nthawi, udindo wa pa mwana, macheza a madzulo ndi chiyankhulo cha pakhomo. Zitsanzo zambiri ndazitenga pakati pa Achewa ndi Amang'anja, koma pena ndi pena nditchulako mitundu ina.

Pakhomo sukulu isanafike

Tisaganize kuti mwana wa makedzana ankangokhala osaphunzira. Tsiku lake linkayenda motsata dzuwa ndi nyengo. M'dzinja ankalinda anyani kumunda ndi kuingitsa mbalame m'mapira. M'masika ankathandiza kututa, ndipo m'chilimwe anyamata ankakumba mbewa pomwe ana aang'ono ankasewera masanje. Mtsikana ankaphunzira kusinja, kupeta, kutunga madzi ndi kubereka mng'ono wake kumbuyo, ndipo mnyamata ankabusa mbuzi kapena ng'ombe. Ntchito ndi phunziro sizinkasiyana, pakuti mwana ankaphunzira chinthu pochichita pamaso pa munthu amene ankachidziwa.

Mwana akasinkhukako sankagonanso m'nyumba ya makolo ake. Atsikana ankagona kukuka, kwa agogo aakazi, ndipo anyamata ankagona kumphala kapena m'gowelo. Margaret Read, yemwe adachita kafukufuku pakati pa Angoni m'zaka za m'ma 1930, adafotokoza m'buku lake la 1959, Children of Their Fathers, momwe mnyamata ankachokera m'manja mwa amayi akangoguluka mano a ubwana n'kupita kulaweni, komwe anyamata okulirapo ankamuphunzitsa kumvera ndi kupirira. Pakati pa Achewa, omwe amatsata mtundu kuchikazi, bambo wokhala pachikamwini ankalima ndi kumanga nyumba, koma mwinimbumba adali mlongo wake wa mayi, amene timamutcha mtsibweni kapena malume. Iye ndiye ankaweruza milandu ya ana, kuvomereza ukwati wawo ndi kuwaimira pabwalo. Maphunziro omaliza ankachitikira kuchinamwali, m'manja mwa anamkungwi, ndi kudambwe. Choncho mwana ankaleredwa ndi mudzi, ndipo mwambi wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe unkanena za momwe zinthu zidalili, osati za momwe ziyenera kukhalira.

Belu ndi kugawika kwa tsiku

Sukulu idafika ndi amishoni. A Livingstonia adayamba ku Cape Maclear mu 1875, a Blantyre mu 1876, a UMCA adakhazikika pa Likoma mu 1885, a Dutch Reformed Church adafika ku Mvera mu 1889, ndipo Akatolika adatsegula Nzama mu 1901 ndi Mua mu 1902. Boma la atsamunda lidachedwa kulowererapo. Lidakhazikitsa nthambi ya maphunziro mu 1926, patapita zaka 2 kuchokera pamene nthumwi za Phelps-Stokes zidayendera dziko lino. Kwa zaka pafupifupi 50, sukulu yomwe banja la kumudzi linkaidziwa idali kachisakasa kaudzu komwe Lamulungu kankasanduka tchalitchi.

Chinthu choyamba chomwe kachisakasako kadalanda banja ndi nthawi. Ng'oma, lipenga kapena chitsulo chopachikidwa pamtengo chikalira, mwana ankayenera kusiya chomwe ankachita. Izi zidabweretsa funso lomwe banja lililonse lidayenera kuyankha lokha: mnyamata akapita kusukulu, mbuzi azibusa ndani? Mtsikana akapita, khanda alilere ndani mayi akapita kumunda? Mabanja ambiri ankasankha mwana mmodzi, kawirikawiri wamwamuna, kuti akaphunzire, enawo n'kutsala. Ena ankalola ana kupita m'chilimwe, mvula ikagwa n'kuwabweza kumunda. Ntchito za mwana sizidathe, zidangokankhidwira kumbandakucha ndi kumadzulo. Apa ndi pomwe padachokera m'mawa wa mwana wa sukulu womwe ambiri a ife tidakuliramo: kudzuka kusanache, kusesa pabwalo, kutsuka mbale, kutunga madzi, kusamba mothamanga, kudya mkute ngati ulipo, kenako kuuyatsa ulendo chimanga chokazinga chili m'thumba.

Mkangano wa pakati pa eni madambwe ndi amishoni, womwe udakula m'zaka za m'ma 1920 m'madera a Dedza ndi Lilongwe, ndipo Matthew Schoffeleers ndi Ian Linden adaulemba, kawirikawiri timautanthauzira ngati nkhondo ya zipembedzo. Koma udalinso mkangano wolimbirana mwana yemweyo pa nyengo yomweyo. Mnyamata sakadatha kukhala kudambwe ndi m'kalasi tsiku limodzi. Mpingo wa Nkhoma utaona kuti makolo sangasiye ana awo kukula opanda mwambo, udakhazikitsa chilangizo kuti chilowe m'malo mwa chinamwali. Mpaka lero m'madera ambiri zinamwali zimachitika pa tchuthi chachikulu, kusonyeza kuti kalendala ya sukulu ndiyo idapambana pa nkhani ya nthawi, ngakhale mwambowo sudafe.

Fizi: bambo kapena malume?

Sukulu za mishoni zinkafuna kangachepe, ndipo m'midzi ina anthu ankapereka mazira, nkhuku kapena chimanga. Mwana akamakwera makalasi pankafunika ndalama yeniyeni ya fizi, ya yunifolomu ndi ya makope. Ndalamayo inkalimbirana ndi msonkho wa nyumba womwe atsamunda adauyambitsa m'zaka za m'ma 1890. Zofunika ziwirizi zili m'gulu la zifukwa zomwe zidatumiza amuna zikwizikwi ku Halale, ku Joni ndi kumigodi ya ku Copperbelt. Buku la Samuel Josia Ntara la 1933, Nthondo, lomwe limatsata moyo wa Mchewa kuyambira kubadwa mpaka imfa, limasonyeza kale kuti ulendo wokafuna ntchito kutali udali utasanduka gawo la kukula kwa mnyamata.

Zotsatira zake pakhomo zidali ziwiri. Choyamba, ana ambiri adakula bambo wawo ali kutali, mayi ndi agogo ndiwo ankaona kuti mwana wadzuka ndipo wapita kusukulu. Mwana wodziwa kuwerenga adapeza ntchito yatsopano pakhomo: ndiye ankawerengera mayi ake kalata yochokera kumigodi ndi kulemba yankho lake. Motero mwana wa zaka 10 ankamva za ngongole, za matenda ndi za madandaulo a m'banja, zomwe mwambo sunkalola kuti zifike m'khutu mwake. Ena mwa abambowo sadabwerere, ndipo chiyankhulo chathu chidawapatsa dzina lakuti matchona. Ngakhale pamene boma lidaimitsa kulemba anthu ntchito kudzera ku Wenela, ndege itagwa ku Francistown mu 1974 ndi kupha Amalawi 74, chizolowezi chophunzitsa ana ndi ndalama yochokera kunja sichidathe. Lero ndalamayo imafika pafoni kuchokera ku Johannesburg kapena ku Cape Town.

Chachiwiri, fizi idadzutsa funso lomwe mwambo sudalikonzekere. Ngati ana ndi a mbumba ya malume, n'chifukwa chiyani bambo awononge ndalama yake pa ana omwe phindu lawo lidzapita kwa eni mbumba? Nanga ngati malume alipirira ana a mlongo wake, ana ake omubereka awalipirire ndani? Mabanja adayankha mosiyanasiyana, ndipo ophunzira ambiri a m'badwo wathu adaphunzitsidwa ndi amalume awo omwe ankagwira ntchito m'tauni. Komabe mphepo inkaombera mbali imodzi. Mpingo unkaphunzitsa kuti mwamuna ndiye mutu wa banja. Kaundula wa sukulu ankafuna dzina la bambo, ndipo ana ambiri adapeza dzina lachiwiri patsiku lolembetsa sukulu. Nyumba za ogwira ntchito ku Zomba, ku Blantyre ndi m'migodi zidamangidwira mwamuna, mkazi ndi ana awo, popanda malo a kuka kapena mphala. Pang'onopang'ono wolipira fizi adasanduka mwini mawu pa mwana. Malamulo a posachedwapa adangotsimikiza zimenezi: lamulo loteteza ana la 2010 limaika udindo wosamalira mwana pa makolo omubereka, ndipo lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo ana a malemu ndi mkazi kapena mwamuna wotsalayo.

Madzulo: kuchoka pamoto kupita pakoloboyi

Madzulo ndiyo idali nthawi ya mawu. Nsima ikatha, ana ankasonkhana pamoto kwa agogo. Woimba nthano akati "Padangokhala", onse ankavomera kuti "Tili tonse", ndipo woponya ndagi akati "Chilape", ankayankha kuti "Nachize". Akulu ankaletsa kuimba nthano masana, ndipo chiletsocho chinkateteza nthawi ya ntchito. Kwa ife ophunzira za ziyankhulo, bwalo la madzulo lija lidali kalasi ya malamulo a chiyankhulo. Mwana ankamva ziganizo zazitali, mawu osowa, miyambi, zining'a ndi mvekero, ndipo posakhalitsa ankapatsidwa mpata woimba nthano yake, akulu akumukonza.

Sukulu idafika pabwalo limeneli ndi buku. Buku Lopatulika lathunthu lidatuluka mu 1922, ndipo m'mabanja a Chikhristu mwana wa sukulu ndiye ankawerenga mawu pa mapemphero a madzulo. Apa dongosolo lakale lidatembenuka, pakuti wamng'ono ndiye ankayankhula, akulu akumvetsera. Pambuyo pake kudabwera ntchito yokalembera kunyumba ndi mayeso a Sitandade 8, omwe kwa zaka zambiri ankasankha ana ochepa zedi opita kusekondale. Ine ndikukumbukira m'zaka za m'ma 1980 tikuzungulira koloboyi mmodzi ana anayi, mphuno zitada ndi mwaye, amayi akutikumbutsa kuti palafini ndi wa sabata yonse. Panja anzathu ankasewera pamwezi, agogo ali okha pamoto. Palibe adatiletsa kupita kwa agogo, koma tonse tinkadziwa kuti nthano sizibwera pamayeso.

N'zochititsa chidwi kuti nthano ndi miyambi zitayamba kuchepa pamoto, zidathawira m'buku la sukulu. Stevenson Kumakanga adasonkhanitsa miyambi mu Nzeru za Kale, E. J. Chadza adalemba Ntchito za Pakamwa, ndipo John Gwengwe adalemba Kukula ndi Mwambo mu 1965. Mabuku amenewa adapulumutsa zambiri, koma adasinthanso chikhalidwe cha zomwe adapulumutsazo. Mwambi womwe mwana ankaumva pa nthawi yomwe walakwa udasanduka funso lofuna tanthauzo limodzi lokhoza. Wailesi ya MBC, yomwe idayamba mu 1964, idabweretsa mawu achitatu pabwalo, ndipo wailesi yakanema ya boma idatsatira mu 1999. Komabe tisafulumire kunena kuti madzulo a kumudzi adasanduka a m'tauni. Kalembera wa 2018 adapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha mwa 100 zilizonse ndizo zinkaunikira magetsi, pomwe zoposa theka zinkadalira matochi a mabatire. Koloboyi adalowedwa m'malo ndi tochi, koma vuto la mwana wofuna kuwerenga usiku silidathe.

Ziyankhulo ziwiri m'nyumba imodzi

Amishoni ankaphunzitsa makalasi oyamba m'ziyankhulo za anthu: Chinyanja kumwera ndi pakati, Chitumbuka kumpoto, ndipo m'madera ena Chiyao, Chitonga ndi Chinkhonde. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress udagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale chiyankhulo cha fuko, pambali pa Chingerezi. Chichewa chidakhala chophunzitsira m'Sitandade 1 mpaka 4, Chingerezi kuyambira Sitandade 5, ndipo Chitumbuka chidachotsedwa m'sukulu ndi pawailesi. Ife olemba m'Chichewa tiyenera kuvomereza kuti kwa banja la ku Rumphi, ku Karonga kapena ku Mangochi, Chichewa nacho chidalowa pakhomo ngati mlendo wotumidwa ndi boma. Mwana wa zaka 6 ankachoka panyumba ndi chiyankhulo chimodzi, kukapeza china m'kalasi, ndipo chachitatu chinkamudikirira kutsogolo.

Ngakhale Chichewacho ulemu wake udali wa pakamwa. Boma lidakhazikitsa Chichewa Board mu 1972, koma pamene Dr. Hastings Kamuzu Banda adatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama mu 1981, ophunzira ankaphunzira Chilatini ndi Chigiriki, Chichewa ayi. Pasukulu yomwe ine ndidaphunzira, woyankhula Chichewa m'makalasi apamwamba ankavekedwa chikwangwani pakhosi, ndipo womaliza kuchivala ankalandira chibalo. Makolo adaona zonsezi ndipo adamvetsa uthenga wake. Ntchito, ulemu ndi malipiro zidali ku Chingerezi.

Umboni wa zimenezi uli m'mawu omwe ana amaitanira abale awo. Pa Chichewa, mkulu kapena mng'ono wa bambo ndi bambo, wamkulu kapena wamng'ono. Mkulu kapena mng'ono wa mayi ndi mayi. Ana a anthu amenewa ndi abale ako enieni. Mlongo wa mayi ndi mtsibweni, mlongo wa bambo ndi zakhali kapena bambo wamkazi, ndipo ana awo ndi asuweni, omwe umaseka nawo nthabwala zosaloledwa kwa mlongo wako. Dr. Banda yemweyo adafotokozera Azungu dongosolo limeneli m'mawu otsogolera buku la 1946, Our African Way of Life, lomwe adalikonza pamodzi ndi Cullen Young. Lero m'mabanja ambiri, a m'tauni ngakhalenso a kumudzi, amuna onsewa ndi ankolo, akazi onsewa ndi anti, ndipo ana awo onse ndi makhazeni.

Kubwereka mawu si tchimo ndipo si kwachilendo. Mawu akuti malume tidawatenga kwa Angoni, ndipo gwero lake ndi lakuti mayi wamwamuna. Koma malume adalowa m'malo omwe adalipo kale osagwetsa mpanda uliwonse, pomwe ankolo ndi anti akugwetsa mipanda yomwe inkasonyeza udindo wa munthu aliyense. Nkhaniyi idaoneka kulemera kwake pa nthawi ya Edzi, yomwe idapezeka koyamba m'dziko muno mu 1985, mankhwala otalikitsa moyo aulere asanayambe mu 2004. Mabanja ambirimbiri adalandira ana amasiye. Mwana wopita kwa amayi aang'ono wapita kwa mayi ake, ndipo chiyankhulo chimamuuza kuti ali kwawo. Mwana wopita kwa anti wapita kwa wachibale amene wamuchitira chifundo. Sindikunena kuti mawu okha ndiwo amagawa nsima, koma mawu amaphunzitsa ana a m'nyumbamo momwe amuonere mnzawo wobwerayo.

Kuchokera mu 1994

Boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi m'sukulu za pulayimale mu 1994, chiwerengero cha ophunzira chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Funso lakale lakuti tisankhe mwana uti lidachepa mphamvu, ndipo atsikana, omwe ndondomeko ya 1993 idawalolanso kubwerera kusukulu akabereka, adadzaza makalasi oyamba. Koma ana onse akachoka m'mawa, mtondo, chitsime ndi khanda zimatsalira mayi kapena agogo. Komanso popeza makalasi adadzaza ndipo boma lidalemba aphunzitsi ambiri osaphunzira ntchito, mabanja opezako bwino adayamba kulipira sukulu zoima pazokha ndi maphunziro apadera a masana. Kwa osauka, njala ya 2002 idasonyeza kuti mwana wopanda kanthu m'mimba sapita kusukulu, ndipo phala lomwe mabungwe monga Mary's Meals amapereka lidasamutsira chakudya cha m'mawa kuchoka pamafuwa a mayi kupita kusukulu, komwe amayi omwewo amakaphika mosinthana.

Pa chiyankhulo, boma lidalengeza mu 1996 kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'ziyankhulo za makolo awo, koma mabuku ndi aphunzitsi okonzekera ntchitoyo sadapezeke mokwanira. Kenako lamulo la maphunziro la 2013 lidati Chingerezi ndicho chophunzitsira, ndipo mu 2014 unduna udalengeza kuti izi ziyambire Sitandade 1. Chaka chomwecho Zambia idayamba kuphunzitsa makalasi anayi oyamba m'ziyankhulo za m'madera, kuphatikizapo Chinyanja, pomwe Mozambique idali itayesa kale Chinyanja m'sukulu zina za ku Tete m'zaka za m'ma 1990. Pokambirana za ndondomeko zoterezi timaganizira mphunzitsi ndi mwana, n'kuiwala munthu wachitatu. Mayi wodziwa kuwerenga Chichewa akhoza kutsegula kope la mwana wake, kufunsa funso ndi kuona pomwe walakwitsa. Kope lomwelo likalembedwa m'Chingerezi chokhachokha, mayiyo amatsala ndi ntchito yochapa yunifolomu. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, dziko lidapempha makolo kuti athandize ana kuphunzira pakhomo kwa miyezi yoposa 5. Ambiri mwa makolowo adali anthu omwe sukulu idakhala ikuwauza kwa zaka zambiri kuti chiyankhulo chawo chilibe gawo pa maphunziro.

Mawu omaliza

Taona kuti m'zaka pafupifupi 150 sukulu idagawa tsiku la banja ndi belu, idathandiza kusamutsa udindo wa pa mwana kuchoka kwa malume kupita kwa bambo, idasintha mwini mawu pabwalo la madzulo, ndipo idaika ziyankhulo za m'nyumba pa muyeso wosafanana. Sindikulira kuti tibwerere kumphala. Sukulu idapatsa mwana wamkazi njira yomwe agogo ake sadaione, ndipo makolo omwe adagulitsa mbuzi kuti alipire fizi ankadziwa chomwe ankachita. Chomwe mbiriyi ikusonyeza ndi chakuti banja silidangolandira sukulu manja ali m'khosi. Lidasuntha ntchito, lidasinthana ana, lidasunga chinamwali pa tchuthi, ndipo lidalera amasiye pamene boma silikadatha.

Kwa ofufuza anzanga ndi ophunzira a m'chigawo chino, ntchito yomwe yatsala ndi yofulumira. Agogo omwe adaona kuka ndi koloboyi yemwe akutha, ndipo makalata a kumigodi akudyedwa ndi chiswe m'masutikesi. Tiyenera kuwafunsa anthu amenewa momwe ankadzukira, yemwe adawalipirira fizi ndi momwe ankaitanira abale awo, ndipo tilembe mayankho awo m'ziyankhulo zomwe ayankhira. Kwa opanga ndondomeko, ndikupempha kuti pa lamulo lililonse la chiyankhulo cha m'kalasi azifunsa ngati mayi wa ku Ntchisi, wa ku Chipata kapena wa ku Angónia adzathe kukhala pamphasa madzulo ndi kope la mwana wake n'kumuthandiza.